Agogo oluka juzi amene ankaposa apolisi nzeru

Anzanga a m'kalabu, mwezi uno pa tsamba lathu la mbiri tikambirane za mafilimu a ku Britain aja amene ena mwa inu mumawadumpha mukangoona kuti mulibe mfuti kapena magalimoto othamangitsana. Mukuwadziwa: kamudzi kobiriwira, tchalitchi cha miyala, anthu ovala zipewa akumwa tiyi, kenako mtembo wapezeka m'chipinda chosungiramo mabuku. Wapolisi afika ndi kabuku kake, afunsa mafunso, n'kumanga munthu wosalakwa. Ndiye mayi wina amene aliyense amamuyesa wamiseche chabe aponya kanthabwala kamodzi, afunsa funso looneka ngati lopusa, basi wakupha uja wagwidwa.

Mwina mukuti ndi zongosangalatsa. Zoona, zimasangalatsa. Koma dzifunseni: n'chifukwa chiyani wofufuza uja nthawi zambiri sakhala wapolisi? Bwanji amakhala gogo, mbeta kapena sisitere? Yankho lili mu mbiri ya dziko la Britain, ndipo mukalidziwa mudzayamba kuonera mafilimuwa ndi maso ena.

Nkhani za amayi ofufuza milandu zinayamba kale, amayi asanaloledwe n'komwe kulowa upolisi. Mu 1864 ku London kunatuluka buku lotchedwa The Female Detective, ndipo mu 1910 Baroness Orczy analemba za mayi wina wofufuza milandu ku Scotland Yard, likulu la apolisi a ku London. Zonsezi zinali zongopeka, chifukwa pa nthawiyo ku Britain kunalibe mayi wolembedwa ntchito ngati wapolisi wofufuza milandu. Mayi woyamba kupatsidwa mphamvu zomanga anthu anali Edith Smith, m'tauni ya Grantham, mu 1915. Apolisi a ku London anayamba kulemba amayi ntchito yolondera m'misewu mu 1919, koma mphamvu zomanga munthu anawapatsa mu 1923. Lilian Wyles, mmodzi mwa amayi oyamba ku nthambi ya CID, ntchito yake yaikulu inali yolemba masitetimenti a amayi ndi ana. Mpaka 1946, wapolisi wamkazi ku London akakwatiwa ntchito inkathera pomwepo, ndipo amayi anakhala ndi nthambi yawoyawo, yosiyana ndi ya amuna, mpaka 1973.

Onjezanipo nkhani ya nkhondo. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, kuyambira 1914 mpaka 1918, asilikali a ku Britain oposa 700,000 anafa. Kalembera wa 1921 anaonetsa kuti ku England ndi Wales amayi ankaposa amuna ndi anthu oposa 1.7 miliyoni. Manyuzipepala ankawatchula amayi osakwatiwa ngati katundu wotsalira pa msika. Kuvota nako kunabwera pang'onopang'ono: mu 1918 analola amayi a zaka 30 kupita m'tsogolo okhala ndi malo kapena nyumba, ndipo anafanana ndi amuna mu 1928. Ndiye taganizani, dziko lodzaza amayi anzeru amene palibe ankawafunsa maganizo. Olemba mabuku anaona kuti munthu amene anthu samuwerengera amamva zambiri, chifukwa palibe amatseka pakamwa iye akalowa.

Apa ndi pamene a Miss Jane Marple anatulukira. Wolemba wake, Agatha Christie, anabadwa mu 1890 ku Torquay. Nthawi ya nkhondo ija anagwira ntchito ya unamwino, kenako anamupititsa ku chipinda chogawira mankhwala, komwe anaphunzira za poizoni wosiyanasiyana. N'chifukwa chake m'mabuku ake anthu ambiri amafa ndi chakumwa kapena chakudya. A Miss Marple anayamba kuoneka mu Disembala 1927 m'kankhani kakafupi ka m'magazini ya The Royal Magazine. M'kankhaniko anthu amakumana Lachiwiri lililonse madzulo kumafotokozerana milandu yovuta. Pagululo pali loya, m'busa, wolemba mabuku komanso mkulu wa Scotland Yard wopuma pantchito. Agogowa akhala pakona akuluka, ndipo ena aja amangowalowetsa m'masewerowo mwa ulemu chabe. Koma mlandu uliwonse amene amapeza yankho ndi iwowo.

Buku loyamba lathunthu linali The Murder at the Vicarage la 1930, pomwe msilikali wina wamkulu wopuma pantchito amapezeka ataomberedwa m'nyumba ya abusa m'mudzi wongopeka wa St Mary Mead. Onse pamodzi, mabuku a Miss Marple alipo 12, kuphatikizapo nkhani zazifupi 20. Christie ananena kuti khalidwe la agogowa analitengera kwa agogo ake enieni ndi anzawo, amene ankangoyembekezera zoipa kwa munthu aliyense, ndipo nthawi zambiri ankalondola.

Njira yawo yofufuzira njosavuta kuimvetsa. Alibe galasi loonera zidindo za zala, alibe mphamvu yofunsa munthu ku polisi. Amangoti munthu uyu akundikumbutsa uje wa kumudzi kwathu amene anachita zakuti, ndiye kuti uyunso angathe kuchita zomwezo. Kwa iwo, mtima wa munthu ndi umodzimodzi kulikonse, kaya ndi bwana wa ku London kaya ndi mnyamata wogulitsa nsomba. Ndipo nthabwala zawo ndi chida. Amadzichepetsa, amati ine ndi nkhalamba yosokonezeka mutu, wapolisi n'kumaseka, osadziwa kuti agogo atenga kale zomwe amafuna. Mkazi wa nthawi imeneyo sakanauza inspekita maso ndi maso kuti bwana mwalakwitsa. Ankayenera kuzungulira, ndipo kuzungulirako ndi kumene ifeyo timaseka lero.

Musaiwalenso kuti m'zaka zimenezo wopezeka ndi mlandu wakupha ku Britain ankatha kunyongedwa. Chilangochi anachiimitsa mu 1965 n'kuchithetseratu pa milandu yakupha mu 1969. Ndiye wapolisi akamanga munthu wosalakwa, nkhani si ya manyazi chabe, ndi ya chingwe. Buku limene limaonetsa bwino kuti agogowa sachita zamasewera ndi A Pocket Full of Rye la 1953. Mtsikana wantchito dzina lake Gladys, amene iwo anamuphunzitsa ntchito za m'nyumba, amaphedwa, ndipo wakuphayo amamupanira pegi yoyanikira zovala pamphuno. Kunyumba yolemerayo palibe amene akumulira kwenikweni. A Miss Marple amakwera sitima kupita komweko, atakwiya kuti mwana wosauka wanyozedwa ngakhale atafa kale.

Nanga zinafika bwanji pa kanema? Pakati pa 1961 ndi 1964 kampani ya MGM inapanga mafilimu 4 momwe Margaret Rutherford anasewera ngati Miss Marple. Anali gogo waphokoso, wanthabwala, wolimba ngati msilikali. Anthu anawakonda mafilimuwo, koma Christie sanasangalale ndi momwe anasinthira nkhani zake, ngakhale kuti mayi Rutherford ankawalemekeza mpaka anawaperekera buku lake la 1962, The Mirror Crack'd from Side to Side. Christie anamwalira mu Januwale 1976, asanaone gogo wake akuseweredwa momwe anamulembera.

Zimenezo zinachitika mu 1984, pamene BBC inasankha Joan Hickson, yemwe anali ndi zaka 78. Anayamba ndi The Body in the Library n'kumaliza mabuku onse 12 mu 1992. Mudzi wa St Mary Mead anaujambulira ku Nether Wallop m'chigawo cha Hampshire. Mayi Hickson sankakuwa kapena kuthamanga. Ankangokhala phee, maso ali tcheru, n'kulankhula mawu awiri atatu obaya. Mpaka pano ambiri amati ameneyu ndiye Miss Marple weniweni.

Kenako ITV inayambiranso mu 2004 ndi Geraldine McEwan, amene anasewera magawo 12 ngati gogo wamaso achinyengo, woseka chamumtima. Julia McKenzie anapitiriza ndi magawo 11 mpaka 2013. A ITV anaika nkhani zonse m'zaka za m'ma 1950, anasintha mathero a nkhani zina, ndipo analowetsa agogowa ngakhale m'mabuku amene Christie sanawalembemo. Okonda mabuku anadandaula, koma achinyamata ambiri anawadziwira pomwepo.

A Miss Marple sali okha. Gladys Mitchell anayambitsa Mrs Bradley mu 1929 n'kulemba mabuku 66 a mayi ameneyu, katswiri wa matenda a maganizo. M'mabuku ndi nkhalamba yoopsa nkhope, koma BBC itapanga The Mrs Bradley Mysteries pakati pa 1998 ndi 2000, Diana Rigg anamusandutsa mayi wotchena wa m'ma 1920, woyenda ndi dalaivala wake George, amene amatembenukira ku kamera n'kumakunong'onezani inuyo zonyoza banja ndi anthu olemera. Mu 2020 kunabwera Miss Scarlet and the Duke, pomwe Kate Phillips amasewera ngati Eliza Scarlet, mtsikana wa ku London wa mu 1882 amene amatenga bizinesi yofufuza milandu ya bambo ake atamwalira, koma makasitomala safuna kulemba ntchito mkazi. Mu 2022 kunayamba Sister Boniface Mysteries, ya sisitere wachikatolika wa kumayambiriro kwa m'ma 1960, woyenda pa kanjinga kamoto, wodziwa sayansi ya za milandu kuposa apolisi onse a m'tauni mwake.

Mwaona kusinthako eti? Gogo wa Christie ankabisa nzeru zake. Amayi a m'mafilimu atsopanowa amalankhula poyera, amakangana ndi inspekita, ena amafuna malipiro. Zovala ndi magalimoto n'zakale, koma pakamwa ndi pa mkazi wa lero, chifukwa olemba ake akulembera ifeyo. Choncho filimu yotere imakuuzani za nthawi ziwiri: nthawi imene nkhaniyo ikuchitika, ndi nthawi imene anaijambula.

Chenjezo limodzi lokha: musatenge mafilimuwa ngati buku la mbiri. England wa m'ma 1950 sanali maluwa ndi makeke okhaokha. Kugula chakudya mochita kuyeza, kumene kunayamba nthawi ya nkhondo yachiwiri, kunatha mu 1954. Ndipo m'zaka zomwezo Britain ankalamulira kuno ku Nyasaland, chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953, ndipo tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo ankapita kukagulitsidwa ku London. Mukaona m'nkhanizi msilikali wopuma amene akuti wangobwera kuchokera ku India kapena ku Africa kuno, dziwani kuti kamudzi kokongolako kanali ndi mizu yofika kutali, kumene kamera sipita.

Amene mukufuna kuyamba, yambani ndi A Murder Is Announced ya Joan Hickson, ya 1985. Nyuzipepala ya m'mudzi imalengeza tsiku, nthawi ndi nyumba imene munthu aphedwere, ndipo anthu oyandikana nawo amapitako poganiza kuti ndi masewera. Poonera, musamangosaka wakupha. Muziwerenga kuti ndi kangati pamene munthu wina akunena zoona koma enawo sakumumvera chifukwa ndi wantchito, ndi mlendo kapena ndi nkhalamba. Tikadzakumana Loweruka, aliyense abwere ndi nambala yake, tidzaone amene anali tcheru ngati agogo aja.