Kusungunuka kwa Miyala

Uku ndi kusintha kwa mwala pamene madzi a mvula, atasakanikirana ndi mpweya wa carbon dioxide komanso asidi wochokera ku mizu ndi masamba ovunda, alowa m'ming'alu n'kumaudya pang'onopang'ono. Feldspar wa m'mwalamo amasanduka dongo. Chitsulo cha m'mwalamo chimachita dzimbiri, n'chifukwa chake katondo ndi wofiira.

Kutentha ndi mvula yambiri zimafulumizitsa ntchitoyi. Pamwamba pa Phiri la Mulanje, ku Lichenya, mvula yakhala ikutsuka mwala wa syenite kwa nthawi yaitali kwabasi, mpaka silika wambiri anachoka n'kutsala bauxite, dothi lomwe amayengamo aluminiyamu. Malowo ndi athyathyathya, choncho dothilo silinakokoloke.

Pamtsetse zinthu zimasiyana. Kumene nthaka ikutukuka chifukwa cha kugundana kwa zigawo za dziko, monga ku mapiri a Himalaya, mitsinje ndi zigumukire zimachotsa dothi lisanakhwime, n'kuvundukula mwala watsopano woti madzi ayambe kuudya. Koma kukokoloka kukapyola muyeso, tizidutswa timakafika mu mtsinje wa Ganges tisanasungunuke n'komwe. Pachidikha chakale dothi limakhuthala kwambiri moti madzi amavutika kufika pamwala wapansi, ndipo kusungunuka kumazilala.