Msampha Wosapha wa ku Kachulu

Munthu akatsika kuchokera ku Zomba nafika pa dooko la Kachulu, maso ake amathamangira ku mabwato ndi ku mapiri a chilumba cha Chisi. Ndi ochepa amene amaima kuti ayang'ane miono younjikidwa m'mbali mwa nyumba za asodzi. Koma m'mitanga yoluka imeneyi muli mbiri ya momwe anthu a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa akhala akudyera, ndipo ngakhale kamsampha ka gologolo kamene mnyamata amatchera kumunda kadaphunzira nzeru zake kwa mono.

Pamene David Livingstone ndi John Kirk adafika pa nyanjayi m'chaka cha 1859, chigwa chonsechi chidali ndi nyama zikuluzikulu. M'chaka cha 1897 boma la Atsamunda lidaika dera la Chilwa, pamodzi ndi dambo la Elephant Marsh ku Shire, kukhala malo otetezera nyama. Lamulolo silidakhalitse, nyamazo nazonso sizidakhalitse. Mfuti zidachita mbali yake, makasu adatsiriza. Chimene chidatsalira mlenje wamba ndi tinyama ting'onoting'ono: mbewa, agologolo, akalulu ndi mbalame za m'dambo.

Tinyama totere sitifuna uta, timafuna msampha. Diwa tonse tikulidziwa: mwala waphanthi wochirikizidwa ndi kamtengo, nyambo pansi pake. Likagwa, nkhani yatha. Silisankha kuti iyi ndi mbewa kapena kamwanapiye ka mnansi. Mono ndi wosiyana. Amauluka ndi nsungwi zong'alula kapena bango, kukamwa kwake kotakasuka kunja koma kopanikiza m'kati, kotero kuti nsomba imalowa mosavuta, nsonga za nsungwi nkutsekanso pambuyo pake. Mlamba kapena chikumba chimakhala m'menemo chamoyo mpaka mwini mono atabwera kudzavuula.

Gologolo ndiye amavuta. Mano ake salemekeza bango. Mukamsiya usiku umodzi mupeza chiboo chokha ndi zipsepse. Choncho womtchera amasankha nsungwi zokhwima, naziluka mothinana, ndipo chibwerere waya ambiri amakulunga nayo m'makona momwe kanyamaka kamayambira kutafuna. Ena amasiya kukamwa kwa mono napanga kachitseko kogwa. Amakapachika ndi chingwe chimene chimadzera pamwamba nkukathera pa kamtengo kakang'ono kokoledwa m'kati, kumapeto kwenikweni kwa mtangawo. Pa kamtengo kameneko ndi pomwe amamanga nyambo: mtedza wosasenda kapena chidutswa cha chisononkho chokhala ndi njere zingapo. Gologolo akakoka nyamboyo, kamtengo kamafwamphuka, kachitseko nkugwa. Luso lonse lagona pa kukoleka. Mukalimbitsa kwambiri adzadya nkumapita. Mukafewetsa, mphepo ya ku nyanja idzakutsekerani msampha wopanda kanthu. Ndipo nyambo ikakhala pafupi ndi khomo, chitseko chimagwera pa mchira, mwini wake nathawa.

Wina anganene kuti zonsezi ndi masewera a ana oweta mbuzi. Anthu a ku Kachulu sanganene choncho. Nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndipo mitsinje ya Domasi, Likangala, Thondwe ndi Phalombe ikachepa mphamvu, nyanjayo imaphwa. Idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 anthu adayenda pansi pouma pomwe kale pankadutsa mabwato. Matemba akasowa, ndiwo zimachokera ku misampha. M'zaka zotere bambo amene adaphunzira kuluka ali mwana ndiye amadyetsa banja, ndipo mbalame za m'dambo zimagwidwa zochuluka koposa.

Apa ndi pomwe msampha wosapha umasiyana ndi anzake. Umasiya chiweruzo m'manja mwa munthu. Akautsegula m'mawa napeza gologolo wamkazi wa mabere otupa, amadziwa kuti m'phanga la mtengo muli ana, ndipo angathe kumtaya apite. Sindikunena kuti onse amatero. Njala ilibe chisoni, ndipo gologolo amene watha mtedza wa m'munda sakhala ndi womuimira pa mlandu. Komabe mwayi wosankhawo ulipo, pamene diwa kapena ukonde wa udzudzu wokokera m'madzi supatsa munthu mwayi wotero. Ukondewo umasesa ndi tiana tomwe ta nsomba. Mono wolukidwa bwino umasiya mipata yoti titulukire.

Nyanja ya Chilwa idakhala malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa pangano la Ramsar loteteza madambo, patapita zaka pafupifupi 100 chikhazikitsire malo a nyama aja. Pambuyo pake alenje a mbalame adakhazikitsa makomiti awo, napatula madera ena kuti mbalame ziziswana mosasokonezedwa. Lamulo la 1897 lidalembedwa ndi alendo okhala ndi mfuti. Malire atsopanowa amasungidwa ndi anthu omwewo amene amatchera misampha, amene amadziwa mwezi umene mbalame zimaikira mazira m'njeza.