Nsomba ya azungu pa Nyika, nsomba yathu mu Rukuru

Munthu akamva dzina loti Karonga amaganiza za mpunga wa kilombero, kutentha, kapena mafupa a Malawisaurus a ku myuziyamu. Ndi ochepa amene amakumbuka kuti North Rukuru, mtsinje womwe uja umatisefukira m'minda nthawi ya dzinja, umachokera kumalo kumene mu Juni udzu umadzuka utayera ndi chisanu. Gwero lake lili pa Nyika, mamita oposa 2,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo umatsika mpaka kudzathira m'nyanja yathu pafupi ndi tauni. Ndikufuna ndikambe za nsomba ziwiri, ina ya kumtunda kozizirako, ina ya kumunsi kuno.

Ya kumtundayo ndi mlendo. Azungu a ku Britain ankaikonda kwambiri nsomba ya kwawo yotchedwa brown trout, moti kulikonse kumene analanda dziko ankaifuna pafupi. Ankalongedza mazira ake m'mabokosi a ayezi n'kuwakweza sitima. Anafika nawo ku Tasmania mu 1864, ku Natal mu 1890, ku Kenya mu 1905. Kuno ku Nyasaland anathira trout m'timitsinje ta pa Zomba, pa Mulanje ndi pa Nyika, ndipo amene anakhazikika ndi msuweni wake rainbow trout, wochokera ku North America. Pa Nyika kwawo ndi ku Chelinda, m'kamtsinje ndi m'madamu a kumeneko.

Bwanji mapiri okhaokha? Yankho lili m'madzi. Madzi akamafunda mpweya umachepamo, ndiye trout ikaona kutentha kukupyola madigiri 20 imayamba kuvutika, kudya osafuna. Mu Rukuru wa kuno kumunsi mu Okutobala singachedwe kufa. Mazira ake imakwirira m'timiyala pamalo pamene madzi oyera akuyenda, kuti azilandira mpweya. Ndipo zikuluzikuluzo ndi zochenjera zedi. Madzi akaphwera n'kuyera mbee, brown trout yaikulu imabisala pansi pa dziwe lakuya kapena kunsi kwa gombe, n'kumatuluka kukada. Mtsinje ukadzaza kwambiri, matope okhaokha, nyambo siiona. Nthawi yabwino ndi yapakatikati, pamene mvula yakweza madzi pang'ono kenako ayamba kutsika, akadali oderako. Apo imatuluka kudzasaka ndipo mlenje simuona msanga. Alenje ake amagwiritsa mbedza yovekedwa tinthenga kuti ioneke ngati kachirombo, ndipo pa Nyika, pomwe panakhala paki kuyambira 1965, umayamba watenga chilolezo.

Tsono tamvani izi. Nzeru yonseyi, imene azungu analembera mabuku ambirimbiri, asodzi a kuno anali nayo kale pa nsomba yawoyawo, mpasa.

Mpasa umapezeka m'nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yake basi, kwina kulikonse padziko kulibe. Azungu atauona anautcha lake salmon, chifukwa umachita zomwe salmon imachita kwawo: umakulira m'nyanja koma kukaswana umakwera mtsinje. Chonsecho si m'bale wa salmon kapena trout ayi. Abale ake ndi sanjika ndi usipa. Inde, usipa womwewu wa pa mbale, pamene mpasa waukulu umafika makilogalamu 4.

Kuno mvula imachedwa kusiya, imafika mu Epulo mwinanso Meyi. Madzi akayamba kutsika ndi kuyera, mpasa umalowa mu Rukuru, mu Songwe, ndi kumwera uko mu Bua. Umafunafuna malo osaya, oyenda madzi, okhala ndi timiyala toyera, n'kuikira mazira pamenepo m'miyezi yozizira mpaka kulowa chilimwe. Asodzi ankaudikira ndi mabiyo ndi miono, ndipo tsiku loyamba ntchito ankalidziwa poyang'ana mtundu wa madzi, osati kalendala. Katswiri wa nsomba Denis Tweddle, amene anafufuza mpasa wa mu North Rukuru, anasindikiza zomwe anapeza pa kaswanidwe kake mu 1983.

Mukaika nsomba ziwirizi pamodzi muona kuti zikupempha chinthu chimodzi, madzi oyenda pa timiyala topanda matope. Kusiyana kwake n'kwakuti ina inapatsidwa paki, alonda ndi chilolezo, inayo inasiyidwa kuti idzionere yokha. Ine zimenezi zimandiwawa pang'ono, kunena zoona, chifukwa trout ikatha pa Chelinda ku America ikadalipo yambirimbiri, koma mpasa ukatha kuno ndiye watha basi.

Ndipo chimene chikuupha kwambiri si mbedza. Mitengo ikadulidwa m'mapiri, anthu n'kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje, mvula imakokolola dothi lonse kulowetsa m'madzi. Mtsinje umadzaza mwaukali masiku ochepa kenako n'kuphwa msanga. Dothi lija limakhazikika pakati pa timiyala, mazira n'kubanika. Madzi akachepa nsomba zimaunjikana m'maiwe, momwe munthu mmodzi wa katupe kapena wa ukonde wa neti ya udzudzu amatha kumaliza zonse tsiku limodzi, makolo ndi ana omwe. Biyo lotseka mtsinje wonse osasiya mpata nalonso limagwira nsomba isanaikire n'komwe.

Zoterezi zinachitikapo kale ndi ntchila. M'zaka za m'ma 1950 inali imodzi mwa nsomba zogwidwa kwambiri m'nyanja yathu, nayonso yoswanira m'mitsinje. Lero funsani mnzanu wa zaka 25 ngati anailawapo.

Mpasa wa mu Bua uli ndi mwayi pang'ono, popeza mtsinjewo umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Rukuru wathu ndi wotetezedwa kumutu kokha, pa Nyika, kumene mpasa sufikako. Ukangotsika phiri umayenda pakati pa midzi ndi minda mpaka kunyanja.