Nkhondo ya ku Africa Imene Inagwetsa Boma la Apwitikizi

Mwa maiko a ku Ulaya amene anagawana Africa, Portugal linali losauka kuposa onse, komanso linachedwa kwambiri kumasula maiko amene linkalamulira. Pamene Angerezi ndi Afalansa ankatsitsa mbendera zawo cha m'ma 1960, Apwitikizi anali kalikiliki kulongedza anyamata awo m'sitima zapamadzi pa doko la Lisbon kuti akamenye nkhondo ku Angola, Guinea ndi Mozambique. Nkhondoyo inatenga zaka 13, kuyambira 1961 kufikira 1974. Ife kuno timaidziwa nkhaniyi kuchokera kumbali ya omenyera ufulu, ndipo m'poyenera kutero, pakuti iwo ndi anthu awo ndiwo anataya mwazi wochuluka. Koma palinso mbali ina imene siikambidwa kawirikawiri, yonena za mmene Apwitikizi eni ake anatopera ndi boma lawo, kufikira asilikali amene bomalo linkatsamira analitembenukira.

Mwini nkhondoyi anali António de Oliveira Salazar, amene anakhala nduna yaikulu kuyambira 1932. Munthuyu anali mphunzitsi wa zachuma pa yunivesite ya Coimbra, wofatsa pamaso koma wouma mtima, ndipo moyo wake wonse sanapondepo phazi ku Angola kapena ku Mozambique. Mu 1951 boma lake linasintha malamulo n'kunena kuti maiko a ku Africa aja si maiko olamulidwa ndi atsamunda ayi, koma zigawo za Portugal zimene zangokhala kutsidya kwa nyanja. Mwa malamulo amenewo, Tete anali Portugal monga mmene Lisbon analili. Tsono bungwe la United Nations likati, “Perekani ufulu,” iwo ankayankha kuti palibe munthu amadula mwendo wake chifukwa anansi amuuza kutero.

Nkhondo itabuka ku Angola kumayambiriro kwa 1961, akuluakulu ena a asilikali anaoneratu kuti zinthu sizidzatha bwino. Nduna yoona zachitetezo, Jenerale Botelho Moniz, inayesa kuchotsa Salazar pampando mu Epulo chaka chomwecho, koma nkhalambayo inamuchenjerera: inamuchotsa ntchito, n'kudzitengera yokha undunawo, ndi kulengeza kuti asilikali apite ku Angola mofulumira ndi mwamphamvu. Kunena zoona, anthu ambiri anaomba m'manja nthawi imeneyo, chifukwa anali ataonetsedwa zithunzi za azungu ophedwa m'minda ya khofi kumpoto kwa Angola. Za Aangola zikwizikwi amene anaphedwa pobwezera sanaonetsedwe.

Chaka chomwecho chisanathe panachitika chinthu chimene asilikali sanachiiwale. Mu Disembala dziko la India linalowa ndi gulu lalikulu la nkhondo mu Goa, kadziko kamene Apwitikizi anakalamulira zaka zoposa 450. Salazar anatumiza uthenga woti asilikali ake, amene anali ochepa ndiponso opanda zida zokwanira, apambane kapena afere pomwepo. Bwanamkubwa Vassalo e Silva anakana kuphetsa anthu ake pachabe, ndipo anagonja pa 19 Disembala. Atabwerera kwawo anachotsedwa usilikali mochititsa manyazi. Maofesala anatolapo phunziro lakuti boma ili likalakwitsa, wosenza mlandu ndi msilikali.

Ku Guinea nkhondo inayamba mu 1963 motsogozedwa ndi Amílcar Cabral ndi chipani cha PAIGC, ndipo ku Mozambique gulu la FRELIMO linaombera zipolopolo zoyamba pa Chai, ku Cabo Delgado, pa 25 Sepitembala 1964. Taganizani tsono za katundu amene anagwera dziko la anthu osakwana 9 miliyoni, ambiri mwa iwo alimi osauka. Pa ndalama zonse zimene boma linkagwiritsa ntchito pachaka, pafupifupi 40 pa 100 iliyonse zinkathera ku nkhondo, pamene midzi yambiri ya kumapiri inalibe magetsi, misewu yabwino ngakhale chipatala. Mnyamata aliyense ankakakamizidwa kulowa usilikali, ndipo nthawi yake inatalikitsidwa mpaka ena ankatha zaka zinayi, ziwiri mwa izo ali m'tchire la ku Africa. Pofika kumapeto, asilikali a m'maiko atatuwo analipo pafupifupi 150,000, kuphatikizapo Aafirika ambiri olembedwa komweko. Oposa 8,000 anafa, ndipo ena ambirimbiri anabwerera opanda miyendo chifukwa cha mabomba okwirira pansi. M'zaka zoyambirira, banja lofuna kuika mwana wawo kumanda a makolo linkayenera kulipira lokha mtengo wonyamulira maliro. Osauka ankangolandira uthenga, mwana wawo n'kuikidwa kuchilendo.

Kodi munthu wokhumudwa akanakadandaula kuti? Nyuzipepala iliyonse inkayamba yadutsa m'manja mwa opima nkhani, amene ankafufuta ndi pensulo yobiriwira ngati thambo chilichonse chosakomera boma. Apolisi achinsinsi otchedwa PIDE anali ndi makutu m'mabala, m'mafakitale ndi m'makalasi. Jenerale Humberto Delgado, amene analimba mtima kupikisana ndi munthu wa Salazar pa chisankho cha pulezidenti mu 1958, anaphedwa ndi apolisiwa mu 1965 chakumalire, m'dziko la Spain. Motero anthu wamba, poona kuti pakamwa patsekedwa, anayankha ndi miyendo. Anthu oposa miliyoni imodzi anatuluka m'dzikomo m'zaka za nkhondoyi, ambiri mozemba, kudutsa m'mapiri usiku kupita ku France kumene ankagona m'zisakasa za malata kunja kwa Paris n'kumagwira ntchito ya zomangamanga. Umphawi ndiwo unathamangitsa ambiri, inde, koma kalata yoitanira ku usilikali inkafulumizitsa ulendo. Chakumapeto kwa nkhondo, pa anyamata asanu alionse oitanidwa, pafupifupi mmodzi sankaoneka. Kalembera wa mu 1970 anapeza kuti anthu m'dzikomo achepa poyerekeza ndi mu 1960.

Mu 1968 Salazar anadwala matenda a muubongo, ndipo m'malo mwake munalowa Marcelo Caetano, katswiri wa zamalamulo. Apa mpamene chiyembekezo chinaphuka, ndipo ndikuona kuti mpamenenso mkwiyo weniweni unafesedwa, chifukwa munthu amapirira njala mosavuta kusiyana ndi kuonetsedwa mbale ya nsima kenaka n'kuibweza. Caetano ankayankhula pa wailesi ya kanema mofatsa, ngati bambo akucheza ndi ana ake, ndipo analola otsutsa ena, monga Mário Soares, kubwerera kwawo. Koma zosintha zake zambiri zinali za maina okha. PIDE inatchedwa DGS, apolisi ake ali omwewo. Chipani cholamula chinapatsidwa dzina latsopano, chikhalirebe chokhachokha. Ophunzira a ku Coimbra atachita zionetsero mu 1969, ena mwa atsogoleri awo anawalanga powatumiza ku usilikali, chinthu chopanda nzeru zedi, pakuti kunali kulowetsa m'misasa anthu ophunzira, odana ndi nkhondo, amene ankapatsidwa udindo wotsogolera anzawo. Aphungu ochepa amene analowa m'nyumba ya malamulo ndi cholinga chosintha zinthu ali m'kati anagwa mphwayi, ndipo mmodzi wa iwo, Francisco Sá Carneiro, anatula pansi udindo kumayambiriro kwa 1973. Usiku wa kumapeto kwa chaka cha 1972 Akatolika ena anasonkhana m'kachalichi ka Rato mu Lisbon kusala kudya ndi kukambirana za mtendere. Apolisi analowa m'chalichimo n'kuwagwira, ndipo amene anali ogwira ntchito m'boma anachotsedwa ntchito.

Sikuti Caetano sankaona. Anali pakati pa moto ndi madzi: mbali ina kunali Pulezidenti Américo Tomás ndi akuluakulu osamva zonena, azungu okhazikika ku Africa, ndi makampani odyerera mafuta, dayamondi ndi khofi wa ku Angola, mbali inayi kunali dziko lotopa. Iye anasankha kusasankha. Boma linapitiriza kuuza anthu kuti kulibe nkhondo, kuli chabe ntchito yothamangitsa zigawenga zotumidwa ndi maiko akunja, ndipo kuti ntchitoyo ili pafupi kutha.

Ku Mozambique bodzali linaonekera poyera pafupi ndi malire athu. Mu 1970 Jenerale Kaúlza de Arriaga anasonkhanitsa asilikali zikwi zingapo kuti aphwanyiretu misasa ya FRELIMO ku Cabo Delgado. Misasa ina inalandidwadi, koma Samora Machel ndi anzake anangosamutsira mphamvu zawo ku Tete, kumene Apwitikizi ankamanga damu la Cabora Bassa, n'kuoloka Zambezi kulowera kumwera. Pofuna kuwamana chakudya ndi pobisala, boma linasonkhanitsa anthu akumidzi mokakamiza m'midzi ya mpanda yolonderedwa ndi asilikali. Ambiri anathawira kuno ku Malawi ndi ku Zambia, kwa abale awo olankhula chinenero chimodzimodzi. Pa 16 Disembala 1972 asilikali anapha anthu mazana angapo, amayi ndi makanda omwe, pa Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kufupi ndi tauni ya Tete. Ansembe achimishoni analemba maina a ophedwawo n'kuwatulutsa m'dzikomo mobisa, ndipo pa 10 Julayi 1973 wansembe wachingerezi, Adrian Hastings, anaulula nkhaniyi mu nyuzipepala ya The Times. Kunali kutatsala masiku owerengeka kuti Caetano akacheze ku London pokondwerera zaka 600 za ubale wa maiko awiriwo. Anakalandiridwa ndi zionetsero. Boma lake poyamba linakanitsitsa, mpaka ena kufika ponena kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe.

Komabe kumene zinthu zinafika pothina kwenikweni kunali ku Guinea. Bwanamkubwa wakumeneko, Jenerale António de Spínola, sanali munthu wamantha kapena wokonda omenyera ufulu. Anali msilikali wotchuka chifukwa cholimba mtima. Ataona mmene zinthu zilili, anakumana ndi Pulezidenti Senghor wa ku Senegal mu 1972 kufunafuna njira ya zokambirana. Caetano anamuletsa, n'kumuuza kuti kuli bwino kugonja pankhondo mwaulemu kusiyana ndi kukhala pansi ndi zigawenga, chifukwa kukambirana ku Guinea kukanatsegula khomo ku Angola ndi ku Mozambique. Kwa msilikali wokumbukira za Goa, mawu amenewa anali omveka bwino lomwe. Cabral anaphedwa ku Conakry mu Januwale 1973, koma PAIGC sinafooke. Inalandira mizinga yonyamula paphewa yogwetsera ndege, yopangidwa ku Soviet Union, kotero kuti ndege za Apwitikizi zinayamba kuopa ngakhale kukatenga ovulala. Pa 24 Sepitembala 1973 chipanicho chinalengeza ufulu wa Guinea-Bissau, ndipo maiko ambiri anauvomereza.

Chodabwitsa n'chakuti moto umene unatentha nyumba unayambira pa nkhani yooneka yaing'ono, ya kukwezedwa pantchito. Popeza anyamata anali atasiya kufunsira malo kusukulu ya maofesala, boma linakhazikitsa lamulo mu Julayi 1973 lolola maofesala ongolembedwa kwa kanthawi kulowa m'gulu la okhazikika atangophunzira miyezi yowerengeka, mwinanso kupitirira anzawo amene anakhala pasukulupo zaka zinayi. Makaputeni anapsa mtima. Ambiri a iwo anali atapita kale ku Africa kawiri kapena katatu, ana awo akukula osawadziwa. Oposa 130 anakumana mobisa pafupi ndi Évora pa 9 Sepitembala. Anayamba ndi kudandaula za maudindo awo, koma misonkhano ikupitirira anazindikira kuti lamulolo linabadwa chifukwa cha nkhondo, ndipo nkhondoyo sikanatha boma lomwelo lili pampando. Mu Januwale 1974 azungu a ku Beira, atakwiya ndi kuphedwa kwa mkazi wa mlimi wachizungu ku Manica, anakagenda nyumba yodyera maofesala, akuwanena kuti ndi amantha. Asilikali anaona kuti ngakhale anthu amene ankawafera sakuwayamika.

Mu Febuluwale Spínola anatulutsa buku lotchedwa Portugal e o Futuro, m'mene ananena poyera kuti nkhondoyo singathe ndi mfuti koma ndi ndale. Bukulo linagulidwa ngati mchere. Caetano anaitana akuluakulu onse a asilikali pa 14 Malichi kuti adzalonjeze pagulu kuti ali pambuyo pake. Spínola ndi mkulu wake, Jenerale Costa Gomes, sanapite, ndipo anachotsedwa pa maudindo awo. Paja samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu. Patangopita mphindi 20 kuchokera pakati pa usiku wa pa 25 Epulo 1974, wailesi ya Renascença inaulutsa nyimbo ya José Afonso yotchedwa Grândola, Vila Morena, chimene chinali chizindikiro chakuti magulu a asilikali anyamuke. Wokonza dongosolo lonse anali Otelo Saraiva de Carvalho, mbadwa ya ku Lourenço Marques imene inamenya nkhondo ku Angola ndi ku Guinea. Kaputeni Salgueiro Maia anatsogolera magalimoto ankhondo kuchokera ku Santarém n'kukazinga nyumba ya asilikali ya Carmo kumene Caetano anabisala. Anthu anauzidwa pa wailesi kuti akhale m'nyumba, koma anakhamukira m'misewu, ena akuika maluwa ofiira m'kamwa mwa mfuti. Dzuwa lisanalowe Caetano anapereka ulamuliro kwa Spínola. Anthu anayi anafa tsikulo, ataomberedwa ndi apolisi achinsinsi kuchokera m'mazenera a likulu lawo. Caetano anatumizidwa ku Madeira, kenaka ku Brazil kumene anamwalira mu 1980.

Spínola ankalingalira za chitaganya cha maiko olankhula Chipwitikizi pansi pa Lisbon, koma nthawi ya maganizo amenewo inali itadutsa kale. Asilikali m'tchire sanafunenso kukhala omalizira kufa, ndipo m'malo ena anayamba kupangana okha ndi adani awo zoleka kuomberana. Pangano la ku Lusaka linasainidwa pa 7 Sepitembala 1974, Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975, ndipo Angola pa 11 Novembala chaka chomwecho, ili kale m'nkhondo yapachiweniweni. Anthu pafupifupi theka la miliyoni anasamukira ku Portugal mwaphuma, ambiri atasiya chuma chawo chonse. Aafirika amene anavala yunifolomu ya Apwitikizi anasiyidwa okha, ndipo ku Guinea-Bissau ambiri a iwo anaphedwa. Za Wiriyamu, panapita zaka pafupifupi 50 kuti mtsogoleri wa boma la Portugal apepese: anatero ndi nduna yaikulu António Costa, ali ku Maputo, mu Sepitembala 2022.