Denga Linkasenzedwa ndi Mudzi Wonse

Adzukulu anga, sendezani mphasa kuno kumthunzi wa m'bawa, dzuwa la kwa Chapananga silidziwa mwana wa mfumu. Ndamva mukudandaula mitengo ya malata ndi simenti, ndiye ndati ndikuuzeni mmene ife tinkapezera pogona.

Kale mnyamata akafuna kumanga banja sankayamba ndi ndalama. Ankayamba ndi kugwada pamaso pa a nyakwawa, iwo n'kumuloza malo ndi ndodo, ndipo malowo ankakhala pamtunda nthawi zonse, poti akuluakulu ankaudziwa mtsinje wa Mwanza, kuti m'chilimwe umagona chete ngati mchenga wokhawokha koma m'dzinja umadzuka ngati chilombo. Ankati madzi saiwala khwawa.

Tikakolola mapira ndi mchewere, thonje litapita kumsika, amuna ankalowa m'thengo mbandakucha kukadula nsichi za tsanya, mtengo umene chiswe chimaulephera, akuyenda m'magulu chifukwa kufupi ndi nkhalango ya Majete kunkalira zilombo. Amayi ankamweta udzu, anyamata tikufundula luzi mpaka zala kutupa. Tsiku lokweza denga kunkafululidwa mowa wa mapira ndi thobwa. Phaso tinkamangira pansi, kenako amuna onse n'kuzungulira, kunyamula pamodzi ndi mfuu, mpaka denga litakhala pazipupa. Mukamva kuti mutu umodzi susenza denga, dziwani kuti ife tinaziona ndi maso. Mayi anga ankazira pansi ndi dothi lakuda, akusalaza ndi mwala wa kumtsinje, ndipo m'nyumbamo munkazizira ngati mumtsuko ngakhale mu Okutobala.

Sikuti zonse zinali zokoma ayi. Usiku tinkatseka chitseko cha bango ndi mpiringidzo, fisi akununkhiza kukhola, udzudzu ukuimba m'makutu. Moto ukagwira denga limodzi, mudzi wonse unkagona panja. Agogo anga ankasimbanso za msonkho wa nyumba wa atsamunda, umene unkathamangitsa amuna kupita ku Joni ndi ku Salisbury. Obwerako ndiwo anayamba kukhoma malata, ndipo mvula ikamalira padenga lawo tonse tinkasirira.

Lero nyumba yasanduka ya ndalama. Tsanya anatha ndi makala, udzu wabwino uli kutali, nkhuni zowotchera uvuni wa njerwa n'zogula, mmisiri naye afuna zake. Thumba la simenti limachoka ku Blantyre, kutsika mapiri a Thabwa, kudutsa pa Boma la Chikwawa, ndipo likamafika kuno mtengo wakwera pa mtunda uliwonse. Mlatho wathu wa pa Mwanza tinauvinira, koma namondwe Ana anaugumula mu Januwale 2022. Chigumula cha 2015, anamondwe Idai mu 2019 ndi Freddy mu 2023 zinasungunula nyumba za zidina ngati mchere, anthu a m'chigwa chino n'kumagona m'makalasi. Munthu amamanga kawiri katatu pamalo omwewo, chifukwa kumtunda kuli eni ake. Cha m'ma 2015 boma linabweretsa pologalamu ya malata ndi simenti zotsika mtengo, ena anafoleradi, koma anali mabanja owerengeka.

Tsono ine ndimati khonsolo ya Chikwawa ichite zimene mudzi unkachita. Choyamba ndi malo: akhale pansi ndi mafumu, apeze malo okwera, awagawe poyera, afikitseko mjigo, sukulu ndi msewu, pakuti munthu sasamukira kopanda madzi, ndipo munda wa kudimba usamulandidwe. Lamulo la malo la 2016 limalola banja kulembetsa malo a makolo, ndiye alembi abwere kumudzi kuno, mayi wamasiye asamataye ndalama ya mbuzi yathunthu poyendera pepala. Chachiwiri ndi msewu ndi mlatho wolimba, poti ndiwo amatsitsa mtengo wa lata. Chachitatu, agulire magulu a m'midzi makina oumbira njerwa zosawotcha, aphunzitse anyamata ndi atsikana athu kukweza maziko ndi kumanga khonde lotchinga zipupa. Ndipo mudzi uliwonse ukhale ndi nkhalango yake, kuti mdzukulu wanu adzapeze phaso.

Koma inunso musakhale manja lende kudikira a khansala. Pitani kumisonkhano ya chitukuko, funsani za ndalama zimene zabwera, banki m'khonde yanu igule malata a mmodzi chaka chino, a wina chaka chamawa. Nyumba imene ndinabadwiramo sinadye ndalama ngakhale imodzi, inadya mitsuko iwiri ya mowa ndi thukuta la anthu a mudzi wathu, ndipo mayina awo ndimawakumbukira mpaka lero.