Mayere

Mayere ndi njira yosankhira munthu kapena chinthu popanda wina kulozapo chala. Timati kuchita mayere, ndipo wosankhidwayo timati mayere amugwera. Ena amalemba kuti maere. Ambiri amawadziwira m'Baibulo, pa nkhani ya Yona ndi ya Matiya amene analowa m'malo mwa Yudasi.

Akatswiri a chiwerengero, monga a National Statistical Office ku Zomba, amadalira ganizo lomweli. Tiyerekeze kuti mlangizi wa ulimi kwa Kaphuka ku Dedza akufuna kudziwa matumba a chimanga amene banja limodzi limakolola pa avereji. Sangayeze nkhokwe zonse. Ndiye alembe mayina a mabanja onse patimapepala, asakanize bwino, atolepo 25, awonkhetse matumba awo, agawe ndi 25. Chofunika n'chakuti banja lililonse likhale ndi mwayi wofanana wotoledwa. Kungofunsa alimi a m'mbali mwa msewu, kapena amene anyakwawa awatchula, si mayere ayi, ndi kukondera, ngakhale mlangiziyo atakhala wa mtima woyera chotani.

Yankho silingafanane ndendende ndi avereji yeniyeni, koma limaphonya mosakondera mbali. Kuti kuphonyako kuchepe ndi theka, mabanja otoledwa achuluke kanayi: 100 m'malo mwa 25, osati 50. Chodabwitsa n'chakuti kukula kwa dera sikusintha zambiri. Mabanja 100 otoledwa mwa mayere m'boma lonse la Dedza angapereke yankho lodalirika pafupifupi ngati 100 a kwa Kaphuka kokha, bola zokolola zawo zikhale zosiyana pa mlingo wofanana.