Kusankha girizi wa galimoto zonyamula katundu wolemera: manambala oyenera kuwerenga

Malole onyamula thonje m'boma la Balaka, mathiraki odutsa mumsewu wa M1 ndi maminibasi oyenda pakati pa Liwonde ndi Ntaja m'boma la Machinga, onse amasenzetsa katundu wawo pa mabeyaringi a mawilo. Chomwe chimaletsa zitsulozi kudyana ndi girizi. Akakhala wosayenera, beyaringi imatentha, kulira, kenako kuphwanyika galimoto ili paulendo. Ambiri amasankha girizi poona mtundu kapena kulimba kwake, koma ziwirizi sizinena kanthu za katundu amene angapirire.

Girizi ndi oyilo wosakanizidwa ndi chomulimbitsa, kawirikawiri sopo wa lithium kapena calcium, pamodzi ndi mankhwala ena. Kufiira kapena kubiriwira kwake nthawi zambiri ndi utoto chabe umene kampani yathiramo.

Nambala yoonekera kwambiri pachitini ndi ya NLGI, yomwe imayambira pa 000 kukafika pa 6. Imangosonyeza kufewa kapena kulimba. Girizi wa 000 amayenda ngati phala lamadzi, pomwe wa 6 ndi wouma ngati sopo wamtanda. Galimoto zambiri zimafuna NLGI 2, koma zitini ziwiri za nambala yomweyi zingasiyane kutali pa mphamvu.

Chizindikiro choyamba cha mphamvu ndi zilembo za EP. Zimatanthauza kuti muli mankhwala, monga a sulphur ndi phosphorus, amene amateteza zitsulo zikapanikizana kwambiri. Kukula kwa chitetezocho kumalembedwa pa pepala lofotokoza za girizi, lomwe makampani odziwika amaika pa intaneti.

Pa pepalalo funani mawu akuti weld load, ochokera ku muyeso wa ASTM D2596. Poyesa, timipira titatu tachitsulo timamangidwa pamodzi m'girizi, ndipo kachinayi kamazungulira pamwamba pake. Kulemera kumaonjezeredwa mpaka timipirato titawotcherana. Nambala ikakula, ndiye kuti girizi ndi wopirira. Girizi wokhala ndi chizindikiro cha GC-LB, woyenera mawilo ndi molumikizira zitsulo za pansi pa galimoto, ayenera kufika makilogalamu 200. Ambiri a EP amafika 250 kapena 315, ndipo ena a makina olemera amaposa 400.

Muyeso wa ASTM D2266 umaona chipsera chotsala pa timipira pakatha ola limodzi pa makilogalamu 40. Apa nambala yaing'ono ndiyo yabwino: chipsera cha mamilimita 0.5 chikuposa cha 0.8.

Onaninso kukhuthala kwa oyilo wa m'kati, komwe kumayezedwa pa madigiri 40. Zitsulo zoyenda pang'onopang'ono koma zosenza kwambiri zimafuna oyilo wokhuthala, monga wa 220 kapena 460. Mabeyaringi othamanga kwambiri amafuna wopepukirapo. Girizi wakuda wa moly amathandiza pa mapini ndi pambale yokokera ngolo ya thiraki, pomwe zitsulo zimakhulana.

Kutentha nakonso n'kofunika, makamaka mu Okutobala pomwe chigwa cha Shire chimaotcha, komanso mabuleki akagwira ntchito nthawi yaitali. Nambala ya dropping point imasonyeza pomwe girizi amayamba kusungunuka. Wa lithium wamba amasungunuka pa madigiri pafupifupi 190, wa lithium complex amapirira kupitirira 250, pomwe wa calcium wamba amagonja pafupi ndi 100. Girizi ayenera kugwira ntchito pa kutentha kotsikirapo ndithu kuposa nambalayi.

Girizi wogulitsidwa mopima m'timabotolo topanda chizindikiro sapereka mwayi wodziwa zonsezi. Mwini galimoto afunse makaniko dzina la girizi amene akuthira, ndipo alilinganize ndi zomwe buku la galimotoyo likunena. Posintha mtundu, wakale achotsedwe yense, chifukwa zolimbitsa zina zikasakanikirana girizi amafewa n'kuyamba kutayikira.